Mpikisano wa The Open: pa mabwalo a links amapambana ndi katswiri kapena wamwayi?

Chiperoni_BT:
Ndikupereka moni kwa nonse a m'gulu lino. Pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere chionerereni mpikisano waukulu wa gofu wa The Open wa 2024 pa bwalo la Royal Troon ku Scotland, ndipo ndikupempha amene munayamba kalekale kutsatira gofu kuti mundiunikire. Loweruka, lomwe linali tsiku lachitatu, osewera amene anatuluka m'mawa anapeza kunja kuli bata, moti Thriston Lawrence wa ku South Africa ndi Sam Burns anamaliza ndi mashoti 65 okha aliyense (pa gofu wopambana ndi amene wamenya mashoti ochepa). Amene ankatsogola anatuluka masana mvula ndi mphepo zitafika, ndipo Shane Lowry, yemwe anagona ali patsogolo Lachisanu, anamenya 77. Pa bowo la 17, lomwe ndi par 3 (bowo limene katswiri amayenera kumaliza ndi mashoti 3), akatswiri ena anachita kusolola draiva, ndodo yomenyera patali kwambiri, m'chikwama kuti mpira ukafike pa girini, malo a udzu waufupi pamene pali bowo. Anthu onsewa ankalimbirana chikho chimodzi, koma nyengo imene anasewerera inali yosiyana ngati usiku ndi usana. Kodi mpikisano wotere ungatiuze zoona za amene ali katswiri kuposa anzake? Ine ndikuona ngati pa mabwalo a links, aja a m'mphepete mwa nyanja, mwayi uli ndi gawo lalikulu kuposa mmene ziyenera kukhalira pa mpikisano waukulu chonchi.

KadiWakale:
A Chiperoni, funso lanu ndi labwino, koma ndiloleni ndiyambire pa nthaka ndisanafike pa mphepo. Ine ndinanyamula zikwama za osewera kwa zaka zambiri pa bwalo lina la kuno kwathu, ndipo ngakhale kuti bwalolo si la links, mu September ndi October nthaka yake inkauma gwaa, udzu n'kusanduka wofiirira. Nyengo imeneyo inkasiyanitsa anthu. Panali bambo wina wachikulire amene akatsala ndi mayadi 100 ankatenga ndodo ya mutu wachitsulo yotchedwa ayironi 7, n'kumenya mpira wotsika umene unkatera mayadi 30 girini isanafike, kenaka n'kumagubuduzika wokha mpaka pafupi ndi mbendera. Anyamata amphamvu ankaponya mpira m'mwamba kuti utere pa girini penipeni, ndipo unkadunda n'kukagwera kuthengo kuseri kwake. Iwo ankati ndi tsoka, koma bambo aja ankawagonjetsa sabata iliyonse. Pa links zinthu zili choncho chaka chonse, chifukwa pansi pake ndi mchenga umene susunga madzi. Wosewera amayenera kudziwa pamene mpira utere, mbali imene udundire, ndi mtunda umene uyende ukafika pansi. Zambiri zimene woonera amazitcha mwayi ndi masamu amene wosewerayo ndi kadi wake, womunyamulira chikwama uja, amakhala atawerengera asanamenye.

Chiperoni_BT:
Za nthaka ndamva, akulu, ndipo sindikutsutsa. Koma nthaka ndi imodzi kwa onse, pamene mphepo ya m'mawa ndi ya masana ndi zosiyana. Pamenepo simunandiyankhe.

WaKuDundee:
Ndiyesa kuyankha mbali imeneyo popeza ndimakhala kuno ku Scotland, ndipo St Andrews ndi Carnoustie sizili patali ndi kwathu. Osewera amakhalapo 156, ndipo onse amayambira pa bowo loyamba, kuyambira cha m'ma 6:30 m'mawa mpaka kupitirira 4 koloko masana. Zimatheka chifukwa mu July kuno kumada mochedwa, cha m'ma 10 koloko usiku. Amene wayamba m'mawa Lachinayi amapatsidwa nthawi ya masana Lachisanu, ndipo amene wayamba masana amabwera m'mawa tsiku lotsatira. Imeneyo ndiyo njira imene a bungwe la R&A, omwe amayendetsa mpikisanowu, amayesera kugawa nyengo mofanana. Loweruka ndi Lamulungu palibe maere: amene ali kumbuyo amayamba, ndipo otsogola amatuluka pomaliza. Choncho Lowry anakumana ndi mvula ija chifukwa chakuti ankatsogola, ndipo onse amene anali pafupi naye pa mndandanda anaiona mvula yomweyo.

Chimene munthu sangachimvetse poonera pa kanema ndi mmene nyengo imasinthira m'mphepete mwa nyanja kuno. Bwalo la Old Course ku St Andrews amalitseka Lamulungu ndipo aliyense amaloledwa kuyendamo, ena ndi agalu awo. Tsiku lina ndinayenda kuchokera pa kamlatho ka Swilcan ndikutentha ndi dzuwa, koma ndisanafike kumapeto kwa bwalo kunabwera kamvula kowaza kokhala ngati chiperoni, mphepo n'kutembenuka kuyamba kundiomba kumaso. Pobwerera kunali kutachanso. Zonsezi zinachitika m'maola awiri okha. Palibe ndondomeko ya nthawi imene ingagawe nyengo yotere mwachilungamo kwa anthu 156.

Mwera_KK:
Ndiye kuti mwavomereza zimene a Chiperoni akunena. Ngati palibe ndondomeko imene ingathetse vutoli, vutolo lilipo ndithu. Mu 2010 ku St Andrews, Rory McIlroy anamenya 63 Lachinayi kunja kuli zii, ndipo Lachisanu masana anamenya 80 mumphepo yoopsa imene inachititsa kuti masewero aimitsidwe kwa kanthawi chifukwa mipira inkasuntha yokha pa girini. Louis Oosthuizen wa ku South Africa anasewera m'mawa tsiku limenelo n'kumenya 67. Mu 2002 ku Muirfield, Tiger Woods anafika atapambana kale mipikisano ikuluikulu ya Masters ndi U.S. Open chaka chomwecho, koma namondwe wa Loweruka anamupeza ali pabwalo ndipo anamenya 81. Ife a kunyanja timadziwa kuti msodzi amene wakocheza mwera usanayambe sitinganene kuti amapalasa bwino kuposa amene mwera wam'peza pakati pa nyanja.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Mwera, zitsanzo zanu ndi zoona, koma tiyeni tione mbiri yonse ya mpikisanowu m'malo mosankhapo masiku awiri. Unayamba mu 1860 ku Prestwick, osewera ali 8 okha, akuzungulira katatu bwalo la mabowo 12, ndipo anapambana ndi Willie Park wamkulu. Mphotho inali lamba wachikopa chofiira. Tom Morris wamng'ono anapambana mu 1868, 1869 ndi 1870, n'kutenga lambayo kukhala wake, moti mu 1871 mpikisano sunachitike. Utayambiranso mu 1872 anapambananso iye yemweyo. Chikho cha Claret Jug chimene timachiona lerochi chinayamba kuperekedwa mu 1873. Kuchokera pamenepo, Harry Vardon anapambana ka 6, ndipo James Braid, J.H. Taylor, Peter Thomson ndi Tom Watson anapambana ka 5 aliyense. Thomson anatenga chikho zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1954 mpaka 1956. Watson anapambana mu 1975, 1977, 1980, 1982 ndi 1983, pa mabwalo asanu osiyana. Mwayi sukhala ndi chizolowezi chobwerera kwa munthu mmodzi kasanu. Anthu amenewa anali ndi luso lapadera lomenya mpira wotsika, lodziwa pamene ayenera kulolera kutaya shoti imodzi kuti asataye zitatu, ndiponso mtima wosakwiya mpira ukadunda molakwika. Za Oosthuizen mwanenazo, musaiwale kuti anapambana ndi mashoti 7. M'mawa umodzi wabata sungapatse munthu mashoti 7.

Mwera_KK:
Nanga Ben Curtis, aphunzitsi? Mu 2003 anapambana ali pa nambala 396 padziko lonse, ndipo unali mpikisano wake woyamba mwa mipikisano ikuluikulu inayi. Chaka chotsatira anapambana Todd Hamilton. Amenewanso tiwaike pa mndandanda wa Vardon ndi Watson?

Mphunzitsi_Wopuma:
Sitingawaike pamenepo, ndipo sanabwerezenso. Komabe taonani mmene Curtis anapambanira. Thomas Bjørn anafika pa bowo la 16 ku Royal St George's akutsogola ndi mashoti 2, mpira wake n'kulowa m'dzenje la mchenga pambali pa girini. Kawiri konse anaumenya mofatsa kwambiri pofuna kuti uime pafupi ndi bowo, ndipo kawiri konse unakwera kamtunda n'kubwerera pamapazi pake. Anatuluka pa shoti yachitatu. Nyengo sinalakwe kanthu pamenepo. Curtis anasewera masiku anayi osachita cholakwa chachikulu chotero, ndipo anamposa Bjørn ndi shoti imodzi. Hamilton naye anagonjetsa Ernie Els pa mabowo 4 obwereza atafanana mashoti, akugwiritsa ntchito ndodo ya hybrid kugubuduza mpira kuchokera kunja kwa girini. Imeneyo ndi nzeru ya pa links yeniyeni.

Nasibeko_LL:
Pepani polowerera, ine ndangoyamba kumene kuonera gofu chifukwa cha mwana wanga amene akuphunzira masewerowa. Ndinaona zithunzi za mpikisano wa ku Carnoustie wa 2018, ndipo bwalo lonse linali louma ngati dambo la mu October, lopanda ngakhale mtengo umodzi wooneka. Kodi amalephera kuthirira, pamene mabwalo a ku America amakhala obiriwira chonchija?

WaKuDundee:
Mayi Nasibeko, amachita dala. Mabwalo a links ali pa malo a milu ya mchenga amene ali pakati pa nyanja ndi minda, pomwe kale sankalimapo kanthu kupatula kudyetsapo nkhosa. Udzu wake ndi wa mtundu wa fescue ndi bent, wopyapyala, umene umapirira chilala. Ukauthirira kwambiri ndi kuuthira feteleza, umagonja kwa udzu wina wonenepa, nthaka n'kufewa, ndipo mpira umaleka kuthamanga. N'chifukwa chake osamalira mabwalowa amathirira pang'ono chabe, makamaka pa girini. Mitengo ndi yochepa chifukwa cha mphepo yamchere yochokera kunyanja. Zimene zimamera bwino ndi zitsamba za minga zotchedwa gorse, ndipo mpira ukalowa mmenemo nthawi zambiri umatayika. Maenje a mchenga ndi ang'onoang'ono koma akuya, ndipo khoma lake lakutsogolo amalimanga posanjikiza zigamba za kapinga ngati mmene timamangira njerwa. Ukaima m'kati mwa ena sutha kuona mbendera. Wosewera amene walowamo kawirikawiri amangotulutsira mpira pambali, nthawi zina kumbuyo kumene wachokera.

KadiWakale:
Ndionjezepo pa zimenezo. Mu 2006 ku Hoylake bwalo linauma kuposa pamenepo, ndipo Tiger Woods anagwiritsa ntchito draiva kamodzi kokha m'masiku onse anayi. Ankamenya ayironi kuti mpira uime maenje a mchenga asanafike, n'kulolera kuti shoti yachiwiri ikhale yaitali. Mu 2000 ku St Andrews, kumene kuli maenje 112, sanalowe ngakhale limodzi sabata yonse, ndipo anapambana ndi mashoti 8. Mwana wanuyo, mayi, muuzeni kuti asadane ndi bwalo louma. Aphunzire kumenya mpira wotsika ndi kugwiritsa ntchito pata, ndodo yogubuduzira mpira m'bowo, ngakhale ali kunja kwa girini. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwana_wa_Highfield:
Ife amene tinakulira ku Harare, makolo athu atachokera ku Malawi, mpikisano umenewu timaukumbukira chifukwa cha Nick Price wa ku Zimbabwe. Mu 1982 ku Troon komweko ankatsogola ndi mashoti 3 kutatsala mabowo 6, koma anataya chikho kwa Watson. Mu 1988 ku Royal Lytham anasewera bwino kwambiri tsiku lomaliza, koma Seve Ballesteros anamenya 65 n'kumulanda. Anadikira mpaka 1994 ku Turnberry, pamene analowetsa mpira wautali pa bowo la 17 n'kupeza eagle (kumaliza bowo ndi mashoti 2 ochepera par), ndipo anamposa Jesper Parnevik ndi shoti imodzi. Munthu amene wafika pafupi katatu m'zaka 12 sitingati anatola chikho panjira. Ndipo chigawo chathu chino cha Africa chili ndi mbiri yaikulu kumeneko: Bobby Locke anapambana ka 4, Gary Player ka 3, Ernie Els ka 2 mu 2002 ndi 2012, kenaka Oosthuizen. Branden Grace ndiye anali woyamba kumenya 62 pa mpikisano uliwonse waukulu wa amuna, ku Royal Birkdale mu 2017.

KadiWakale:
Achimwene a ku Harare, mwandikumbutsa tsiku limene sindidzaiwala. Pa 18 July 2010, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Nelson Mandela, Oosthuizen akukwera fairway ya 18 (njira ya udzu wometa yopita ku girini) ku St Andrews, amene ananyamula chikwama chake anali Zack Rasego, kadi wachikuda wa ku South Africa. Tinaonera tili gulu la makadi, titaima pakhonde kusuzumira pa zenera chifukwa m'kati sitinkaloledwa kukhala, ndipo palibe amene analankhula mpaka mpira womaliza utalowa. Anthu ambiri amaganiza kuti kadi amangosenza katundu. Kadi ndiye amazula udzu pang'ono n'kuuponya m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera, amasunga thaulo louma pansi pa ambulera kuti zogwirira za ndodo zisanyowe, ndipo amadziwa nthawi yomuuza bwana wake kuti asiye ndodo imene watenga atenge ina.

Chiperoni_BT:
Nkhani zimenezi ndi zokoma ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma tibwerere ku funso lija. Ndili ndi chitsanzo chimene ndikukhulupirira kuti palibe amene angachikane. Mu 2009 ku Turnberry, Tom Watson ali ndi zaka 59 anafika pa bowo lomaliza akufunika par yokha kuti apambane kachisanu ndi chimodzi. Shoti yake yoyamba inagwa pakati pa fairway. Yachiwiri anaimenya ndi ayironi 8, yolunjika pa mbendera. Mpira unatera pamalo olimba kutsogolo kwa girini, n'kuthamanga mpaka kutsikira kuseri. Anamaliza ndi bogey, shoti imodzi pamwamba pa par, ndipo anagonja kwa Stewart Cink pa mabowo 4 obwereza. Munthu ameneyu ndi yemwe aphunzitsi amutchula kuti ankaidziwa links kuposa wina aliyense wa m'nthawi yake. Ngati iye anamenya bwino koma n'kulangidwa, luso lija linali kuti?

Mphunzitsi_Wopuma:
Pamenepo mwandigwira, ndipo sindikana kuti tsiku limenelo mpira unamuchitira nkhanza Watson. Ine ndinaonera, ndipo mtima unandipweteka kwa masiku angapo. Koma taganizirani mbali inayo. Kodi ndi pa bwalo la mtundu wanji pamene munthu wa zaka 59, amene anali atachitidwa opaleshoni ya chiuno chaka chapitacho, akanatha kupikisana ndi anyamata amene ankamenya mpira patali kuposa iye? Pa bwalo lofewa ndi lalitali, pamene mpira umaima pomwe watera, mphamvu ndiyo imalamulira, ndipo Watson sakanafika n'komwe Lamulungu ali patsogolo. Nthaka yolimba yomweyo imene inamulanda chikho pa bowo la 72, lomaliza la masiku anayiwo, ndi imene inamunyamula pa mabowo 71 oyambawo. Chaka cha 2008 Greg Norman naye ankatsogola atatha masiku atatu ku Royal Birkdale ali ndi zaka 53, mphepo ikuomba koopsa. Zimenezi zikundiuza kuti links imapereka malo kwa nzeru ndi kuzolowera, zinthu zimene sizitha msanga ngati mphamvu za m'manja.

Mwera_KK:
Jean van de Velde nayenso mumuiwala? Mu 1999 ku Carnoustie shoti yake yachiwiri pa bowo lomaliza inamenya chitsulo cha pamalo okhala oonerera n'kubwerera kumbuyo mu udzu wautali. Ikanangogwera m'kati mwa malowo akanapatsidwa mwayi woika mpira pabwino popanda chilango.

KadiWakale:
A Mwera, ameneyo ndiye musamutchule pa nkhani ya tsoka. Ankatsogola ndi mashoti 3, kutanthauza kuti ngakhale 6 pa bowo la par 4 ikanamukwanira. Kadi aliyense wodziwa ntchito akanamupatsa ayironi pa shoti yoyamba, wedge (ndodo yomenyera pafupi) pa yachiwiri kuti mpira uime kamtsinje ka Barry Burn kasanafike, wedge ina pa yachitatu, nkhani n'kutha. Iye anatenga draiva, kenaka ayironi 2 kulunjika pa girini. Chitsulo chija chinangomaliza zimene iye anaziyamba. Atachoka mu udzu analowa m'madzi, anavula nsapato n'kutsikiramo, kenaka analowa mu mchenga, n'kumaliza ndi 7. Paul Lawrie, amene anayamba tsikulo ali kumbuyo ndi mashoti 10, anamenya 67 pa bwalo limene linasautsa aliyense sabata imeneyo, ndipo ndiye anapambana pa mabowo obwereza.

WaKuDundee:
A Chiperoni, pali chinthu chimodzi chokhudza Lowry yemweyo amene mwayambira nkhani yanu. Mu 2019 ku Royal Portrush, ku Northern Ireland, tsiku lomaliza kunali mvula yamphamvu ndi mphepo moti nthawi zoyambira anazibweza kuti masewero ayambe msanga. Otsogola ndi amene anakumana ndi nyengo yoipitsitsa. Lowry anamenya 72 mu nyengo imeneyo n'kupambana ndi mashoti 6 pamwamba pa Tommy Fleetwood, ndipo tonse tinkati mvula ndi yake chifukwa anakulira ku Ireland. Ku Troon mvula ya mtundu womwewo inamugonjetsa, makamaka atalowa mu mchenga pa bowo la 8, lija lalifupi la mayadi 123 lotchedwa Postage Stamp, n'kutaya mashoti 2. Xander Schauffele nayenso anasewera masana Loweruka lomwelo, anamenya 69, ndipo Lamulungu anamenya 65 popanda bogey n'kutenga chikho. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima: aliyense amene amalembetsa mpikisano umenewu amadziwa kuti tsiku limodzi mwa anayiwo nyengo idzamuukira.

Chiperoni_BT:
Za Schauffele sindinazilingalire, ndipo zandichepetsera dandaulo langa. Ndikuvomera kuti amene amanyamula Claret Jug amakhala atasewera bwino ndithu. Chimene sindinasinthe maganizo ndi chakuti Lachinayi ndi Lachisanu pamakhala osewera abwino amene amabwerera kwawo msanga chifukwa cha nthawi imene anapatsidwa, ndipo amenewo sitiwawerenga chifukwa maso athu amakhala pa wopambana yekha. Za Watson nazo mtima wanga sunakhazikike. Akulu a KadiWakale, mukanakhala inu mutanyamula chikwama chake tsiku limenelo, mukanamupatsa ndodo iti?

KadiWakale:
Ndikanamupatsa ayironi 9. Mphepo inali kumbuyo kwake, nthaka inali youma, ndipo munthu amene watsala pang'ono kupambana magazi amakhala akuthamanga, moti mpira umapita patali kuposa masiku onse. Ndi ayironi 9 mpira ukanatera girini isanafike n'kukwera wokha, ndipo ngakhale ukanaima patali ndi bowo, kupata kawiri kunali kokwanira. Kuseri kwa girini ija kunali kotsetsereka ndiponso kunali udzu wogwira mpira, pamene kutsogolo kunali poyera. Ndikanamuuza kuti tilakwire kutsogolo.